Ndinalipira makina kalata ya boma isanatuluke

Ndili ndi kakampani kopanga makabati, mashelefu ndi zitseko za m'khitchini. Pamene nkhaniyi imayamba tinalipo anthu 9, kuphatikizapo ine, ndipo chilichonse tinkadula ndi macheka amagetsi a patebulo, kuyeza ndi tepi, miyeso n'kumailemba ndi pensulo pa zidutswa za matabwa. Zinkatiyendera ndithu, mpaka tsiku limene kasitomala wathu wamkulu anatibwezera zitseko 40 za makabati chifukwa zinkasiyana ndi mamilimita awiri kapena atatu. Pa chitseko chimodzi simungaone kanthu. Koma zikandandalikidwa khumi pakhoma limodzi, mzere wake umakhota, ndipo aliyense wolowa m'chipindamo diso lake limagwera pomwepo. Kasitomalayo sanakalipe. Anangonena kuti ntchito yotsatira aipereka kwa anthu amene ali ndi makina a CNC, amene mumangojambula chinthu pakompyuta iwo n'kudula okha mosaphonya. Mawu amenewo anandikhala pamtima milungu ingapo.

Ndiye nditamva kuti boma latsegula ndondomeko yothandiza makampani ang'onoang'ono opanga zinthu kuti ayambe kugwiritsa ntchito luso la makompyuta, ndinaona ngati pemphero langa layankhidwa. Chilengezocho chinati boma lidzapereka mpaka theka la ndalama zofunika. Ine ndinangomva mawu akuti theka. Chikalata cha malamulo ake, cha masamba oposa 20, ndinachipeza pa intaneti n'kuwerenga tsamba loyamba ndi lomaliza lokha, chifukwa mumtima makinawo ndinali nditawagula kale.

Sabata yomweyo ndinayamba kulankhula ndi wogulitsa makina wa kunja. Anali munthu waulemu, woyankha mauthenga ngakhale usiku, ndipo ananditumizira mavidiyo a makina akudula bolodi lathunthu, lija la mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi, m'mphindi zochepa chabe. Ndinkawaonera mobwerezabwereza ndili pabedi. Kenako anandiuza kuti mtengo wotsitsidwawo utha mwezi ukamatha, ndipo kuti ayambe kundikonzera makina anga ndiyenera kulipira dipoziti ya 30 peresenti. Akazi anga, amene amalemba mabuku a kampani madzulo akaweruka kuntchito kwawo, anandifunsa kuti, "Kodi bambo, a boma aja avomera kale?" Ndinawayankha kuti adzavomera basi, ntchito ngati yathuyi ndi imene akufuna. Ndinatenga ndalama zimene tinkasungira malipiro a antchito a miyezi iwiri n'kutumiza.

Fomu ndinayamba kuilemba pambuyo pake, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti kampani yanga inali yosakonzeka. Ankafuna satifiketi yolembetsera bizinesi, umboni woti msonkho ndili nawo bwino, maakaunti a zaka ziwiri, sitetimenti ya kubanki ndi makotesheni atatu a chinthu chilichonse chimene ndikufuna kugula. Satifiketi ya msonkho inali itatha mphamvu, ndipo kuikonza kunadya milungu itatu. Choipa kwambiri chinali chakuti ndalama za kampani ndi za pakhomo zinkadutsa mu akaunti imodzi, moti wowerengera ndalama amene tinamulemba ganyu anatha mwezi wathunthu akulekanitsa zogulira mabolodi ndi zolipirira sukulu ya ana. Ngati muli ndi kakampani ndipo mukuganiza kuti tsiku lina mudzapempha thandizo la mtundu uwu, zimenezi konzani lero, chilengezo chisanatuluke. Sizilira ndalama zambiri, koma nthawi yolembera ikatsegulidwa zimakudyerani masiku amene mulibe.

Tsiku lokapereka mapepala, lisiti la dipoziti ndinaliika pamwamba penipeni kuti aone kuti ndine munthu wotsimikiza. Mayi wolandira mafomu analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula chikalata cha malamulo chija chapakati n'kundilozera ndime ina. "Bambo, pepani kwambiri," anatero. "Chinthu chimene mwalipira kale, kapena mwasainira mgwirizano wake kalata yathu yokuvomerezani isanatuluke, ife sitingachilipire. Ngakhale ikhale dipoziti yokha." Ndinachonderera, ndinati makinawo sanafike n'komwe, akadali kutsidya kwa nyanja. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, koma yankho silinasinthe. Anandifotokozera modekha kuti ndalama za boma zimayenera kutheketsa chinthu chimene sichikanachitika popanda izo, ndipo munthu amene wagula kale wasonyeza kuti akanagulabe. Ndisanatuluke anawonjezera chinthu china chimene sindinkachidziwa. Ngakhale akanandivomera, ndalamazo sizibwera patsogolo. Umayamba walipira wekha zonse, n'kupereka malisiti, ndiye amakubwezera gawo lawo.

Ndinakhala m'galimoto pafupifupi ola lathunthu osailiza. Ndinali ndi mkwiyo, ndipo usiku umenewo ndinafufuza pa intaneti kuti ndipeze umboni woti kwina anthu sachitiridwa nkhanza zotere. Ndinapeza zosiyana ndi zimene ndinkafuna. Ku Singapore, thandizo lotchedwa Productivity Solutions Grant, limene linayamba mu 2018, limakananso munthu amene walipira kapena kusaina mgwirizano asanapemphe, ndipo nalonso limabweza ndalama munthu atalipira kale. Ku England, ndondomeko ya Made Smarter nayonso imafuna kuti mwini kampani aikepo gawo lake lofanana ndi la boma. Mkwiyo unatha, n'kutsala chisoni chokha, chifukwa panalibe wina womuloza chala. Akazi anga sanandikumbutse funso lawo lija. Anangoti, "Zachitika basi. Tiyeni tione chimene chatsala."

Chimene chinatsala chinali chowawa. Wogulitsa uja anati ndikasiya, dipoziti siibwera, ndipo zinalembedwadi mu mgwirizano umene ndinasaina. Ndinakatenga ngongole kubanki yolipirira 70 peresenti yotsalayo. Pamwamba pake panabwera zonyamulira, inshuwalansi, zolipira padoko ndi msonkho wolowetsera katundu, zimene kwa ine zinawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa makinawo. Zonsezi sizinali mu kotesheni. Musanasaine, funsani wogulitsa kuti mtengo wakewo ukuthera pati, pakhomo pa fakitale yake, padoko, kapena pakhomo panu.

Mayi wolandira mafomu uja ndi amene anandiimbira patapita masiku angapo. Anati ndondomekoyo ilinso ndi alangizi amene amayendera makampani kwaulere, ndipo ndikhoza kupemphabe thandizo pa zinthu zimene sindinagule. Ndinatsala pang'ono kukana, chifukwa ndinkaona kuti ndikufuna ndalama, osati malangizo. Mlangiziyo anali bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito m'mafakitale zaka zambiri. Atafika sanafunse n'komwe za makina. Anayendayenda mu shopu, n'kuima pa mulu wa zidutswa umene unali pakona, n'kundifunsa kuti timagula mabolodi angati pa sabata. Ndinatchula nambala yongoganizira. Anafunsa kuti mwa amenewo ndi angati amene amathera pa mulu uwu. Sindinadziwe. Anafunsa kuti kabati imodzi imatenga maola angati kuyambira pamene kasitomala wavomera mpaka pamene yakwera galimoto, ndipo mwa maola amenewo ndi angati amene munthu amakhala akuigwiradi. Apanso ndinalibe yankho. "Achimwene," anatero, "makina amene akubwerawo adzathamangitsa chilichonse chimene muwapatse. Mukawapatsa miyeso yolakwika, adzaononga mabolodi mofulumira kuposa anyamata anuwa."

Anatipatsa ntchito ya milungu inayi, yosalira ndalama iliyonse. Oda iliyonse inapatsidwa nambala ndi pepala lake loyenda nayo. Aliyense akaigwira ankalemba nthawi yoyamba ndi yomaliza, ndipo ikaima ankalemba chifukwa chake. Madzulo akazi anga ankalowetsa zonse mu spreadsheet, tebulo la manambala la pakompyuta. Sabata yoyamba anyamata anadandaula kuti ndikuwalonda, ndipo ndinachita kuwasonkhanitsa n'kuwauza kuti tikulonda kabati, osati munthu. Mwezi utatha ndinakhala pansi n'kuyang'ana manambalawo, ndipo manyazi anandigwira. Kudula, kumene ndinkakuona ngati vuto lathu lalikulu, kunali kagawo kochepa ka nthawi yonse. Makabati ankatha masiku akudikira mahinji, zogwirira kapena zomata m'mphepete mwa mabolodi, chifukwa palibe ankadziwa kuti zatha mpaka munthu atatsegula bokosi n'kupeza mulibe kanthu. Pa mabolodi asanu alionse, pafupifupi limodzi linkathera pa mulu uja, popeza aliyense ankadula oda yake payekha osaganizira kuti chotsalacho chingakwane oda ya mnzake. Ndipo zitseko 40 zija, titazifufuza bwino, vuto silinali macheka. Miyeso ndinaitchula ndine pafoni ndili kwa kasitomala, anthu awiri anailemba mosiyana, aliyense n'kudula mokhulupirika zimene analemba.

Fomu yachiwiri tinalemba limodzi ndi mlangiziyo, ndipo inali yosiyana kwambiri ndi yoyamba. Yoyamba ija inangonena kuti ndikufuna makina amakono kuti kampani ikule. Yachiwiri inanena vuto, nambala yake, ndi chimene tidzayeze pakatha chaka. Tinapempha kompyuta, pulogalamu yojambulira ndi yosanja zidutswa pabolodi kuti zotayika zichepe, pulogalamu yaing'ono yosungira maoda ndi katundu wa m'sitolo, makina okoka fumbi, kukonza mawaya a magetsi, ndi maphunziro a antchito. Za maphunzirozo ndinkafuna kuzichotsa kuti gawo langa lichepe, koma iye anakana. Anati ngakhale ku Germany, ndondomeko ya Digital Jetzt inali ndi mbali yapadera yolipirira maphunziro a antchito, chifukwa amadziwa kuti makina opanda munthu wowadziwa amangokhala. Anandiuzanso kuti ndisazengereze, popeza ndondomeko zotere zimatha ndalama zake zikatha. Ndinadzaona kuti ankanena zoona pamene ndondomeko ina yotere ya ku Canada, imene inayamba mu 2022, inasiya kulandira mafomu atsopano a gawo lake lalikulu mu February 2024.

Kalata yovomereza inatuluka patatha milungu 11. Nthawi yonseyi sindinagule ngakhale waya umodzi, ngakhale kuti manja ankayabwa. Anavomera 50 peresenti pa zina, koma pa pulogalamu anavomera laisensi ya chaka choyamba chokha, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole anati si mbali ya thandizolo.

Makina anafika mwezi wachisanu ndi chiwiri kuchokera tsiku la dipoziti, ndipo anakhala milungu isanu ataphimbidwa ndi lona. Ankafuna magetsi a 3-phase, oyendetsera makina akuluakulu, pamene shopu yathu inali ndi a single phase, ngati a m'nyumba, ndipo kulumikizitsa kunali ndi mzere wake wodikira umene sindikanaufulumizitsa. Banki inali itayamba kale kudula ndalama za ngongole. M'mawa uliwonse ndinkadutsa pafupi ndi lonayo mtima uli thithithi. Pepala losonyeza mtundu wa magetsi, kulemera kwa makina ndi malo amene amafuna ndinali nalo kuyambira tsiku loyamba. Ndikanalipereka kwa wamagetsi nthawi yomweyo, milungu isanu imeneyo sikanatayika.

Magetsi atafika panabuka vuto lina. Pulogalamu yojambulira imasandutsa chojambula kukhala malangizo otchedwa G-code, koma makina alionse amamva malangizowo m'kalankhulidwe kawo, ndipo pakati pake pamafunika kafayilo komasulira kotchedwa post-processor. Kathu sikanagwirizane ndi makinawo. Tsiku loyesa koyamba, mpeni wa makina unatsika mopitirira, unaboola bolodi n'kulowa m'tebulo, n'kuthyoka ndi phokoso limene linachititsa aliyense kudumpha. Tinatha milungu iwiri tikutumizirana mauthenga ndi wogulitsa makina ndi wogulitsa pulogalamu, aliyense akunena kuti vuto lili kwa mnzake. Funso limodzi lokha musanagule, lakuti kodi pulogalamu iyi ili ndi post-processor ya makina awa, ndipo yankho likhale lolembedwa, likanatipulumutsa. Makina okoka fumbi okha ndi amene sanativutitse, ndipo ndimayamika kuti tinawaika mu fomu. Fumbi la MDF, mabolodi opangidwa ndi utuchi wopanikizidwa, ndi losalala kwambiri, limalowa m'mapapo, ndipo CNC imalitulutsa lochuluka kuposa macheka.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali pa anthu. Malo a maphunziro anali awiri, koma ndinatumiza mnyamata mmodzi yekha, wamng'ono pa onse, chifukwa ankadziwa kompyuta ndipo sindinafune kuti anthu awiri achoke pa ntchito sabata yathunthu. Anaphunzira bwino kwambiri, ndipo kwa miyezi inayi zinthu zinayenda. Kenako kampani yaikulu inamupatsa malipiro amene sindikanawafikira, ndipo anapita. Sindimuimba mlandu, ali ndi banja lake loti alisamale. Koma makina anaimanso, ndipo mafayilo onse anali ndi mayina amene ankawamva iye yekha.

M'masiku amenewo ndi pamene ndinalankhula ndi mkulu wina amene ndagwira naye ntchito zaka 14, kalipentala amene amadziwa thabwa pongoligwira. Chibwerere makinawo anali atasiya kuseka, ndipo ine pokhala wotanganidwa ndi ngongole sindinafunse. Tsiku lina onse ataweruka ndinawapeza akusesa pafupi ndi makinawo. Ndinati, "Madala, mwakhala chete masiku ano, kwagwanji?" Anaika tsache pansi n'kunena kuti, "Bwana, ingondiuzani tsiku. Ndikudziwa kuti chinthuchi mwagulira kuti ife okalamba tipume. Ndimafuna ndikonzeke." Zinandipweteka kwambiri, chifukwa maganizo amenewo sindinakhalepo nawo, koma kwa miyezi yonseyo ndinkalankhula za makina tsiku lililonse osauza munthu aliyense kuti malo ake ali pati. Ndinawapepesa. Ndinawauza kuti makinawo sadziwa kumene njere za thabwa zalowera, sadziwa kuti khoma la kasitomala ndi lopindika, ndipo sadziwa kulumikiza kabati kuti ikhale zaka 20. Ndinawapempha kuti malo achiwiri a maphunziro aja atenge iwo.

Anakana kawiri, akuti maso awo ndi zala zawo si za kompyuta. Kachitatu anavomera, koma anati apite ndi mtsikana amene ankamata m'mphepete mwa mabolodi, ndipo wa mtsikanayo ndinalipira ndekha. Zinatenga nthawi. Mwezi woyamba ankachedwa kwambiri moti maoda ena tinkadulabe ndi macheka. Koma iwo ndi amene anayamba kugwira zolakwika pa sikirini bolodi lisanadulidwe, chifukwa akangoona chojambula amadziwa kuti shelefu yotalika chonchi idzapinda pakati. Mtsikanayo analemba masitepe onse m'kope, kuyambira poyatsa mpaka pozimitsa, ndipo mafayilo tsopano amatchedwa ndi nambala ya oda.

Kupempha kuti atibwezere ndalama kunali ulendo winanso. Pempho loyamba linabwezedwa pa zifukwa ziwiri. Wamagetsi ndinamulipira pamanja, ndipo ngakhale anandipatsa lisiti, iwo ankafuna umboni wa kubanki wosonyeza kuti ndalama zinachoka mu akaunti ya kampani kupita kwa iye. Gawo limenelo linatayika lonse. Chachiwiri, invoisi ya kompyuta inalembedwa m'dzina langa m'malo mwa dzina la kampani monga lilili pa satifiketi, ndipo kuisinthitsa kunatenga milungu iwiri. Anabweranso kudzaona ndi maso kuti zinthuzo zilipodi, n'kujambula manambala ake. Ndalama zinalowa patatha miyezi inayi kuchokera pamene ndinapereka malisiti, ndipo miyezi yonseyo ndinkalipira chiwongoladzanja pa ndalama zimene ndinkadikira. Lipirani chilichonse kudzera kubanki, onani dzina pa invoisi musanachoke pa kauntala, ndipo powerengera ngongole muyese ngati ndalama za bomazo zidzachedwa ndi theka la chaka.

Nditawerengera zonse, makina, zonyamulira, magetsi, mapulogalamu, mipeni yothyoka, mabolodi oonongeka ndi chiwongoladzanja, thandizo la boma linakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a zimene ndinawononga. Ndikanadikira kalata, likanayandikira theka la mtengo wa makinawo. Ndiyeneranso kunena chimene chimandivuta kuvomereza. Ndikanakumana ndi mlangizi uja poyamba, mwina chaka choyambacho sindikanagula CNC n'komwe. Pulogalamu yosanja zidutswa imagwiranso ntchito ndi macheka wamba, ndipo kuchepa kwa zotayika ndi kutha kwa masiku odikira mahinji zinabwera ndi zinthu zotsika mtengo kwambiri pa mndandanda wonse. Makinawo ndi abwino, zitseko zathu tsopano zimafanana ngati mapasa, koma ndikanawagula mochedwerapo, ang'onopo, ndiponso ndi ngongole yochepa.

Pali zinanso zimene zikupitirira. Laisensi ya pulogalamu imafuna kulipira chaka chilichonse ndipo tsopano ndi yanga ndekha. Mipeni imatha msanga pa MDF. Mgwirizano wa thandizolo umandiletsa kugulitsa zinthu zimene anandithandiza kugula kwa zaka zingapo, ndipo ndimatumiza lipoti la momwe ntchito ikuyendera. Lipotilo silindivuta, chifukwa manambala ake ali kale mu kompyuta.

Ngongole yatsala ndi miyezi 14. Tilipo anthu 10 tsopano, ndipo mulu wa pakona uja unachepa moti pamalopo tinaikapo shelefu ya mahinji yokhala ndi mzere wofiira wosonyeza nthawi yoitanitsa ena. Kasitomala wa zitseko 40 uja sanabwererebe. Mwezi watha ndinamutumizira zithunzi za khitchini imene tangomaliza, anayankha kuti waona ndipo adzandiimbira akakhala ndi ntchito. Madala aja ndi amene amayatsa makina m'mawa uliwonse, ndipo asanadine batani amayendetsabe dzanja pabolodi lonse kuti amve ngati lagona bwino.